Tsiku limodzi lokha ku Netherlands: kodi tipite ku Paleis Het Loo kapena tikhale mu Amsterdam?

Nabanda, Leicester

Ndikupatsani moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munafikako ku Paleis Het Loo, nyumba yachifumu yakale imene ili m'tawuni ya Apeldoorn m'dziko la Netherlands. M'mwezi wa Juni ine ndi mayi anga tidzakhala ku Amsterdam ku ukwati wa mdzukulu wawo, ndipo zaukwatizo zikadzatha tidzatsala ndi tsiku limodzi lokha tisanabwerere kuno ku England. Achibale akumeneko akuti tisadzivutitse ndi ulendo, tidzangolowa m'nyumba yachifumu ya pabwalo la Dam imene ili pakati penipeni pa mzinda. Koma mayi ndi munthu wokonda maluwa kuyambira kalekale, ndipo chiwaonetsereni zithunzi za munda wa ku Het Loo, mtima wawo wonse uli kumeneko.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mayiwo ndi achikulire, ndipo bondo limawavuta akayenda mtunda wautali. Kodi n'zotheka kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo? Nanga tikafika tiyambe ndi nyumba kapena ndi munda? Ndamvanso wina akunena kuti mundawo si wakale ayi, anachita kuukonza m'zaka zomwe zino. Ndikufuna kudziwa ngati zimenezi n'zoona, kuopa kuwatengera mayi kutali kukaona chinthu chongoyerekeza.

Phiri, Wageningen

Mayi Nabanda, atengeni mayi mupite nawo ku Apeldoorn, musakayike. Nyumba ya pa Dam ndi yokongola ndithu, koma poyamba inamangidwa ngati likulu la khonsolo ya mzinda, ndipo inasanduka nyumba yachifumu mu 1808. Munda ilibe ngakhale pang'ono, moti mukangotuluka pakhomo muli kale pakati pa chikhamu cha anthu ndi matramu, masitima oyenda m'misewu. Masiku ena amaitsekanso mfumu ikamalandiriramo alendo a boma.

Ulendo wake si wovuta. Sitima yochokera pa Amsterdam Centraal imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa, ngakhale zina zimafuna kuti musinthe pa Amersfoort, ndipo kuchokera pa siteshoni ya Apeldoorn pali basi yokafika pafupi ndi chipata. M'sitima ndi m'basi momwemo mungalipire pogunditsa khadi la kubanki pokwera ndi potsika, koma aliyense akhale ndi khadi lake. Matikiti a kunyumba yachifumuko gulirani pa intaneti, ndipo onetsetsani kuti tsiku lanulo lisakhale Lolemba, chifukwa kawirikawiri Lolemba amatseka.

Pang'ono za mwini nyumbayo, popeza mundawo sumveka bwino ukapanda kumudziwa. Willem III wa banja la Oranje, amene ankatsogolera zigawo za Netherlands pa udindo wa stadhouder, anagula malowa mu 1684 chifukwa chokonda ulenje. M'nkhalango za Veluwe, dera limene muli nyumbayi, muli agwape ndi nguluwe mpaka lero. Pamalopo panali kale kanyumba ka malinga kotchedwa Het Oude Loo, komwe kakadalipo, koma iye anafuna nyumba yatsopano ya iye ndi mkazi wake Mary. Anaimanga ndi Jacob Roman, ndipo zokongoletsa zambiri za m'kati ndi za m'munda zinachokera m'manja mwa Daniel Marot, Mfalansa wachipulotesitanti amene anathawa kwawo chifukwa cha chipembedzo. Mu 1689 awiriwa anavekedwa ufumu wa England, ndipo nyumbayo anaikulitsa kuti iyenerane ndi mfumu. Mary sanabwererenso kudzaiona itakula, pakuti anamwalira ndi nthomba mu 1694 ali ndi zaka 32. Popeza mumakhala ku England, mwina munafikako ku Hampton Court; munda wa mfumu wa kumeneko ndi wa Willem yemweyu, ndipo mukaona wa ku Het Loo mudzazindikira kuti ndi pachibale.

Ine ndingati yambani ndi munda m'mawa, miyendo ya mayi isanatope. Mukatulukira kuseri kwa nyumba mumaima pakhonde lalitali, ndipo munda wa m'munsi umakhala pansi panu wonse, chifukwa anaukumba motsika n'kuuzinga ndi misewu yokwera. Njira imodzi yowongoka imachoka pakhomo la nyumba n'kudutsa pakati mpaka ku zipilala za kumapeto, ndipo chilichonse chimene chili kumanja chili ndi mnzake kumanzere. Timipanda ta zomera tosafika m'mawondo anatidula mokhotakhota potsanzira nsalu yopeta, ndipo m'mipata yake anathiramo miyala yosinja ya mitundu yosiyanasiyana m'malo mwa maluwa. Ambiri amakwera padenga la nyumba kuti aone kapetedwe konseko nthawi imodzi, koma ngati bondo silingalole, pakhondepo ndi pamisewu yokwera ija pakukwanira.

Chimene ndikukhulupirira kuti chidzawaimitsa mayi ndi kabzalidwe ka maluwa. Saunjikana monga timaonera m'mapaki a masiku ano. Ali m'timizere topapatiza m'mbali mwa zopetazo, duwa lililonse lili palokha, dothi likuoneka pakati pa ili ndi linzake, chifukwa m'zaka za m'ma 1600 mbewu zambiri zoterezi zinali zosowa ndi zodula, ndipo mwini munda ankafuna kuti mlendo aziwerama n'kuyang'ana chimodzichimodzi. Munthu wothamanga amangoona ngati m'mizeremo muli mipata yoiwalika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbali ya kum'mawa kwa nyumba kuli munda wa mfumukazi, umene uli ndi njira yofoleredwa ndi nthambi za mitengo yamoyo, yokhala ndi timazenera todulidwa m'masamba, kuti mfumukazi iziyenda mumthunzi. Komweko kumakhala mitengo ya malalanje yobzalidwa m'mabokosi a matabwa, imene m'nyengo yozizira amaisunga m'nyumba n'kuitulutsa kunja kukafunda. Mu Juni mudzaipeza ili panja.

Mbewe, Lilongwe

Ndikugwirizana ndi a Phiri, koma ndiwonjezere chimene kwa ine chili mtima wa malowo, ndicho madzi. Ntchito yanga ndi ya zamadzi, ndipo ndinafikako pamene ndinali pa maphunziro ku Delft.

Amene amaona dziko la Netherlands pa mapu amaganiza kuti lonse ndi lathyathyathya, koma dera la Veluwe ndi chitunda cha mchenga chimene chinakankhidwa ndi madzi oundana kalekale, ndipo nyumba ya Het Loo ili m'munsi mwake. Mvula ikagwa pachitundapo imalowa mumchenga, ndipo anthu a kumeneko ankakumba m'mbali mwa chitunda mpaka kupeza madziwo n'kuwatsogolera m'ngalande, zimene zinkayendetsa zigayo ndi mafakitale a mapepala. Amisiri a Willem anatengera nzeru yomweyo. Madzi a akasupe ang'onoang'ono okongoletsa munda, otumphutsa madzi m'mwamba, ankachokera m'maiwe a pafupi, koma a kasupe wamkulu wa m'munda wa kumtunda anawatenga kutali, pamalo okwera kwambiri, n'kuwayendetsa m'mapaipi mtunda wa makilomita angapo. Pofika m'munda madziwo ankatumphuka okha mamita 13 m'mwamba popanda makina alionse. Amene anaonapo mipopi ya m'midzi ya ku Mulanje, yomwe madzi ake amangotsika okha kuchokera m'phiri, akudziwa mmene zimenezi zimayendera.

Nkhani yake ili pa mkangano wa mafumu awiri. Louis XIV wa ku France anaukira dziko la Netherlands mu 1672, ndipo moyo wonse wa Willem unathera pa kulimbana naye. Ku Versailles, nyumba ya Louis, akasupe ndi ambiri koposa, koma madzi ankasowa. Anafika pomanga chimakina cha mawilo 14 pa mtsinje wa Seine ku Marly kuti chizikweza madzi, komabe sanali okwanira, moti antchito ankatsegula kasupe mfumu ikamayandikira n'kumutseka ikadutsa. Ku Het Loo madzi ankayenda osalekeza, ndiponso anali oyera, ochokera pansi. Mlendo wa nthawi imeneyo ankamva uthengawo popanda womuuza. Masiku ano akasupewo amayendera mapampu, ndipo m'nyengo yozizira amawatseka, choncho mwezi umene mwasankhawu ndi wabwino.

Mukafika pa kasupe wa kamwana kamene kakupotokola njoka ziwiri m'manja, dziwani kuti ndi Hercules, ngwazi ya m'nthano za Agiriki ndi Aroma, ndipo Willem ankakonda kudzifanizira ndi iyeyo. Palibe chiboliboli chimene anangochiika kuti chidzaze malo.

Nangondo, Rotterdam

Achemwali, funso lanu lomaliza silinayankhidwe, ndipo amene anakuuzaniyo sananame. Munda umene mudzaone anautsegula mu 1984. Wa Willem ndi Mary unakwiriridwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pamene Louis Napoleon, mchimwene wake wa Napoleon, anaikidwa kukhala mfumu ya Holland, ndiko kuti Netherlands. Iye analamula kuti munda wotsikawo authire mchenga n'kupangapo paki ya kapinga ndi mitengo ikuluikulu monga ankakondera anthu a nthawi yake, ndipo makoma a njerwa zofiira anawamata pulasitala yoyera. Kwa zaka zoposa 150 anthu ankadziwa Het Loo ngati nyumba yoyera ya pakati pa mitengo. Kuyambira mu 1977 boma linachotsa pulasitalayo, linagumula nsanjika imene anawonjezera m'nthawi ya Mfumukazi Wilhelmina, linadula mitengo yambiri, n'kubwezeretsa munda wakalewo. Sikuti onse anakondwa nazo, ndipo ine ndimawamvetsa amene anadandaula, chifukwa paki imeneyo inalinso mbiri, ndipo inakhalapo nthawi yaitali kuposa munda umene inakwirira. Ngakhale timipanda timene a Phiri akutitamandato si ta mbewu yoyambirira. Yoyambayo inagwidwa ndi matenda a nkhungu, ndipo zaka za posachedwapa anaizula yonse n'kubzala ina yochokera ku Japan yofanana nayo masamba.

Sindikunena kuti musapite. Ndikungoti musathere tsiku lonse panja, chifukwa chimene chili chenicheni kwambiri pamalopo chili m'nyumba. Zipinda anazikonza motsatira anthu amene anakhalamo, moti mukamayenda mumadutsa mibadwo ya banja limodzi kuyambira kwa Willem ndi Mary mpaka m'zaka za m'ma 1900. Pansi, pafupi ndi munda wa mfumukazi, pali kachipinda kamene makoma ake anakutidwa ndi matailosi a buluu ndi oyera, kumene Mary ankaphikirako jamu wa zipatso za m'munda mwake, ndipo pambali pake pali kaphanga kokongoletsedwa ndi zigoba za m'nyanja. Kachipindako n'kakang'ono ndi kozizira, ndipo munthu ukaimamo umayamba kumuona Mary ngati mtsikana amene anakwatiwa ali ndi zaka 15 n'kupita kudziko lachilendo.

Zipinda zimene zimandikhudza ine ndi za Wilhelmina. Anakhala mfumukazi kuyambira mu 1890 ali mwana wa zaka 10, bambo ake atamwalirira m'nyumba yomweyi, ndipo anatsogolera dziko m'nthawi ya nkhondo zonse ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse. Atatula pansi ufumu mu 1948 anabwerera ku Het Loo, kumene ankajambula zithunzi za mitengo ndi nkhalango, ndipo anamwalirira komweko mu Novembala 1962. Tebulo lake lolembera, zithunzi za achibale ndi mipando yosadzionetsera zimaonetsa mayi wachikulire wokonda kupemphera ndi kukhala payekha. Mayi anu akhoza kumumvetsa kuposa mmene angamvetsere Hercules wa a Mbewe.

Za bondo musade nkhawa kwambiri. Nyumbayo inatsekedwa mu 2018 kuti aikonze, ndipo pansi pa bwalo la kutsogolo anakumbapo zipinda zatsopano zazikulu zimene anazitsegula mu 2023. Tsopano alendo amalowera pansipo, ndipo anaikamo zikepe. Mukayang'ana kumwamba mumaona kuwala kukudutsa m'galasi limene pamwamba pake pali madzi. Ena amati malo atsopanowa ndi ozizira mtima poyerekeza ndi nyumba yakaleyo, koma kwa munthu wachikulire athandiza. Chovuta ndi mtunda wochokera pachipata, podutsa ku makola a akavalo, kukafika kunyumba yeniyeniyo, komanso miyala ya m'njira za m'munda. Alembereni a kumeneko tsiku lisanafike muwafunse za njinga ya olumala.

Mwale, Cape Town

Ine ndili ndi mawu amodzi okha, ndipo sindikuwanena pofuna kuwononga ulendo wa mayi. M'munda wa m'munsi muli akasupe awiri ooneka ngati mipira, wina wa thambo ndi nyenyezi, wina wa dziko lapansi, ndipo pa wa dzikowo madzi amatulukira m'madoko a malonda a nthawi imeneyo. Mukaima pamenepo kumbukirani kuti ena mwa malondawo anali a anthu. Kampani ya VOC, ya amalonda a ku Netherlands, inakhazikika kuno ku Cape mu 1652, ndipo akapolo amene ankagwira ntchito m'minda ya kuno ankachokera ku Asia, ku Madagascar ndi kugombe la Mozambique. Willem mwiniwake, atakhala mfumu ya England, anali ndi masheya mu Royal African Company imene inkagulitsa akapolo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2023 anapeza kuti Willem III, pamodzi ndi Willem IV ndi Willem V amene anakhala pa udindo wa stadhouder pambuyo pake, anapindula ndi maiko atsamunda ndalama zimene lero zingakwane mayuro 545 miliyoni, ndipo pa 1 Julayi chaka chomwecho Mfumu Willem-Alexander ya ku Netherlands inapepesa poyera chifukwa cha ukapolo. Sindingaloze njerwa n'kunena kuti iyi inagulidwa ndi ndalama zimenezo, koma munthu wa ku Africa ayenera kuyenda m'munda umenewu akudziwa zonse ziwiri, luso la amisiri ndi gwero la chuma cha eni ake.

Phiri, Wageningen

A Mwale anena zoona, ndipo palibe chimene ndingachotsepo.

Koma kwa Mayi Nangondo ndiyankheko pang'ono, chifukwa mawu akuti mundawo ndi wa 1984 akhoza kumveka ngati anthu anangoulota. Pamene anachotsa mchenga wa Louis Napoleon anapeza pansi maziko a akasupe, zidutswa za mapaipi ndi malire a makoma zili m'malo mwake. Panalinso zithunzi zosindikizidwa za m'zaka za m'ma 1690 ndi malongosoledwe atsatanetsatane amene analemba Walter Harris, dokotala wa Willem, mu 1699. Choncho miyeso ndi kayalidwe ndi zenizeni. Ndiponso munda si nyumba. Palibe munda padziko umene zomera zake ndi zomwezo za zaka 300 zapitazo, pakuti mpanda umakalamba, duwa limafa, wolima amabzalanso. Chimene chimasungika ndi maganizo a amene anauyala, pamodzi ndi ntchito ya manja imene imabwerezedwa chaka ndi chaka. Mukadzaona antchito atakoka chingwe akudula timipanda tija ndi kusalaza miyala, mudzakhala mukuona ntchito yomwe ija imene inkagwiridwa m'masiku a Mary. Pa za mitengo imene inadulidwa ndikuvomereza kuti panatayika chinthu, ngakhale kuti paki yaikulu ya kuseri kwa zipilala ikadalipo ndi maiwe ake.

Kumene ndikugwirizana nawo kwathunthu ndi pa zipinda za Wilhelmina. Musazidumphe.

Nabanda, Leicester

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza koposa mmene ndimayembekezera. Ndawawerengera mayi mayankho anu onse pafoni, ndipo akuti nkhani ya munda wokwiriridwa n'kufukulidwanso yawonjezera chidwi chawo. Afunsanso ngati mitengo ya malalanje ija imabereka m'dziko lozizira chotero. Tagwirizana kuti tidzanyamuka ndi sitima ya m'mawa, tidzayamba ndi munda wa m'munsi ndi wa mfumukazi, kenako tidzalowa m'nyumba. A Mwale, pa kasupe wa dziko lapansi tidzaimapo, ndipo ndidzawafotokozera mayi zimene mwalemba. Ndatsala ndi funso limodzi: kodi ku makola a akavalo n'koyenera kupitako, kapena tikusiye kuti mayi asatope?

Nangondo, Rotterdam

Malalanjewo amabereka ndithu, koma ambiri ndi a mtundu wowawa, ndipo ankawasunga makamaka chifukwa cha fungo la maluwa ake ndiponso chifukwa ndi chizindikiro cha banja lachifumulo, pakuti dzina lake lakuti Oranje likufanana ndi la chipatsocho. Auzeni mayi awerame anunkhize ngati adzapeze ina ikuchita maluwa.

Makola ali panjira yanu yomweyo, pafupi ndi chipata, choncho simudzawonjezera mtunda. Anamangidwa m'nthawi ya Wilhelmina, ndipo muli ngolo zachifumu, zilei zoyenda pa chipale chofewa ndi magalimoto akale a banjalo. Kuwaona sikutenga nthawi yaitali. Asiyeni akhale omaliza potuluka, ndipo ngati mayi adzakhale atatopa, pafupi pomwepo pali malo odyera pamene angakhale pansi inu mukuzungulira. Amatseka 5 koloko madzulo, ndiye muzituluka m'nyumba yaikulu cha m'ma 3 koloko. Tenganinso ambulera ndi juzi, chifukwa kuno ngakhale mu Juni mvula imagwa mosachenjeza, ndipo m'munda wa m'munsi mulibe pobisala.